Kuphunzitsa Ana Lojiki ndi Luso Lotsutsana: Mafunso ndi Mayankho Kuchokera ku Chisi

Lojiki ndi phunziro loyesa kaganizidwe. Imafufuza ngati zifukwa zimene munthu wapereka zikumufikitsadi pa chimene akunena. Ndi nthambi ya filosofi, ndipo ana amatha kuiyamba adakali ku pulayimale ngati apatsidwa nthano, masewera ndi mafunso ochokera m'moyo umene akuudziwa. Zitsanzo zili m'munsimu zatengedwa ku Chisi, chilumba cha pa nyanja ya Chilwa m'dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira, m'boma la Zomba, komwe anthu amawolokerako kuchokera pa doko la Kachulu.

Kodi lojiki imaphunzitsa chiyani kwenikweni?

Munthu akafuna kuti anzake avomereze mfundo yake amanena zinthu ziwiri: chimene akufuna kuti chivomerezedwe, ndi zifukwa zake. Choyambacho ndi chigamulo. Chili ngati denga, ndipo zifukwa ndiyo mizati yake. Mawu monga "chifukwa", "poti" ndi "pakuti" amalozera ku zifukwa, pomwe "choncho", "motero" ndi "ndiye kuti" amalozera ku chigamulo. Ntchito yoyamba ya wophunzira ndi kuzindikira mbali ziwirizi m'zolankhula za tsiku ndi tsiku. Msodzi akati, "Lero tisalowe m'madzi, mphepo yakula ndipo bwato likudontha," chigamulo chake ndi kusalowa m'madzi, ndipo zifukwa ndi ziwiri: mphepo ndi bwato.

Woyamba kulemba malamulo a kaganizidwe kotere mwadongosolo adali Aristotle wa ku Greece, yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Khristu asanabadwe. Iye adaonetsa kuti ziganizo ziwiri zikalumikizana bwino zimabala chachitatu chimene munthu sangachikane ngati wavomera ziwiri zoyambazo. Komabe luso lopereka zifukwa ndi kuziyesa silidayambe ndi iye. Limapezeka paliponse pamene anthu amaweruza milandu, kutsatsana malonda kapena kukambirana za ukwati.

Kodi mfundo yolumikizana bwino imakhala yoona nthawi zonse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona phunziro lonse. Pali mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi zifukwazo ndi zoona? Lachiwiri: ngati zili zoona, kodi chigamulocho chikutsatiradi?

Mphunzitsi atha kulemba izi pa bolodi: "Nsomba zonse zili ndi mamba. Mlamba ndi nsomba. Choncho mlamba uli ndi mamba." Mwana aliyense wa ku Chisi aseka, chifukwa mlamba adaugwirapo ndipo akudziwa kuti ndi woterera, wopanda mamba. Koma akafunsidwa kuti cholakwika chili pati, ayenera kuganiza. Kulumikizana kwa ziganizozo kulibe vuto. Chabodza ndi chiganizo choyamba, ndipo mlamba womwewo ndi umene wachigwetsa. Apa ana amaphunzira kuti mawu oti "zonse" amagwa ndi chitsanzo chimodzi chokha chotsutsa.

Kenaka mphunzitsi alembe china: "Nsomba zonse zimakhala m'madzi. Makumba amakhala m'madzi. Choncho makumba ndi nsomba." Ana ambiri avomera, popeza ziganizo zonse zitatu ndi zoona. Mphunzitsi afufute "makumba" n'kulembapo "mvuu". Zifukwa zikhalabe zoona, koma chigamulo chisanduka chakuti mvuu ndi nsomba. Ndiye kuti kulumikizanako kudali kolakwika kuyambira pachiyambi, ndipo chigamulo choyamba chija chidangokhala choona mwamwayi. Kusintha liwu limodzi chonchi ndi njira yachidule yoyesera mfundo iliyonse. Mfundo yolimba imafuna zonse ziwiri: zifukwa zoona ndi kulumikizana koyenera.

N'chifukwa chiyani luso limeneli liphunzitsidwe kudzera m'zochita, osati poloweza malamulo?

Mwana atha kuloweza tanthauzo la chigamulo n'kulilemba bwino pa mayeso, koma n'kunamizidwabe ndi mphekesera za pa doko madzulo a tsiku lomwelo. Kuganiza molongosoka ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimabwera ndi kuchita mobwerezabwereza pamaso pa anthu amene angakutsutse.

Zimenezi ndi zomwe adaziona Matthew Lipman, mphunzitsi wa filosofi pa Columbia University ku New York. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 iye adaona kuti ophunzira ake, ngakhale adali akuluakulu, ankalephera kulongosola mfundo, ndipo adaganiza kuti lusoli liyenera kuyamba ana adakali aang'ono. Adalemba buku la nthano lotchedwa Harry Stottlemeier's Discovery, lonena za mnyamata amene amatulukira yekha malamulo a lojiki. M'chaka cha 1974, iye ndi Ann Margaret Sharp adakhazikitsa bungwe lophunzitsa filosofi kwa ana pa koleji ya Montclair ku New Jersey. Njira yawo, yotchedwa Philosophy for Children, idafalikira m'maiko ambiri.

Lamulo loyamba limene mnyamata wa m'bukulo amatulukira ndi losavuta kuliyesa m'Chichewa. Chiganizo chokhala ndi "onse" sichitembenuzika: "Matemba onse ndi nsomba" ndi zoona, koma "Nsomba zonse ndi matemba" ndi bodza. Chiganizo choyamba ndi "palibe" chimatembenuzika: ngati palibe mbalame imene ili nsomba, palibenso nsomba imene ili mbalame. Ana akapatsidwa ziganizo khumi kuti azitembenuze okha, lamuloli amalipeza mphunzitsi asanalinene, ndipo saliiwala msanga.

Kodi phunziro lotere limayenda bwanji?

Ana amakhala mozungulira, m'kalasi kapena pansi pa mtengo, kuti aliyense aziona nkhope ya mnzake. Mphunzitsi amayamba ndi kankhani kakafupi. Mwachitsanzo: msodzi wina adali ndi boti lamatabwa limene adasiyiridwa ndi malume ake. Chaka chilichonse ankachotsa thabwa lowola n'kuikapo latsopano, mpaka sipadatsale thabwa lakale ngakhale limodzi. Funso loti kodi boti lotere likadali lomwe lija ndi lakale kwambiri, ndipo mlembi wakale Plutarch adalilemba ponena za chombo cha Theseus, koma kwa mwana amene amaona maboti akukonzedwa pa doko ndi nkhani ya pakhomo.

Nkhani ikatha, ana amakhala chete pang'ono, kenaka amakambirana awiriawiri ndi kupanga mafunso. Mafunso onse amalembedwa pa bolodi, ndipo ana amasankha limodzi pokweza manja. Tinene kuti asankha lakuti, "Kodi botili likadali la malume aja?" Wina anena kuti inde, chifukwa dzina lake silidasinthe. Mphunzitsi sanena kuti wakhoza kapena walakwa. Amangofunsa kuti, "Alipo amene ali ndi chitsanzo chotsutsa?" Mtsikana wina ayankha kuti, "Aphunzitsi, ine ndikutsutsana ndi mnzangayu. Ndikalemba dzina lomwelo pa boti la bambo anga, kodi lisanduka la malume akewo?" Woyamba uja ayenera kukonza mfundo yake kapena kuisiya. Zikafika apa mphunzitsi atha kuwonjezera nkhuni: bwanji ngati munthu wina adatola matabwa akale aja n'kupanganso boti, lenileni ndi liti?

Pomaliza, ana sakakamizidwa kugwirizana. Amafunsidwa kuti ndi chifukwa chiti chimene chidali champhamvu, ndani wasintha maganizo, ndipo chamusinthitsa ndi chiyani. Mafunso a mphunzitsi ndi ochepa ndipo amabwerezedwa mpaka ana atayamba kufunsana okha: Ukutanthauza chiyani? Wadziwa bwanji? Kodi zimenezi zikutsatiradi? Ungapereke chitsanzo?

Kodi nyanja ya Chilwa ingathandize bwanji pophunzitsa za choyambitsa ndi chotsatira?

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi. Si yakuya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira madzi kuchokera ku mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo ambiri amatha chifukwa cha dzuwa. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, idaphwera kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ouma. Banja lililonse la ku Chisi lili ndi maganizo ake pa chimene chimaumitsa nyanjayi, choncho ana sasowa chonena.

Wophunzira wina atha kunena kuti nyanja imauma chifukwa anthu adadula mitengo m'mapiri. Mfundoyi ili ndi choonadi, pakuti nthaka yokokoloka imatsikira m'mitsinje n'kukwirira nyanja. Koma mphunzitsi afunse ngati ndicho chifukwa chokhacho. Zolembedwa zikuonetsa kuti nyanjayi inkaphweranso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anthu adakali ochepa ndipo nkhalango zidakali zambiri. Ndiye kuti payenera kukhala chifukwa china, ndipo ofufuza amaloza ku kuchepa kwa mvula kwa zaka zotsatizana. Apa ana amaphunzira kusiyanitsa chinthu chimene chimakulitsa vuto ndi chinthu chimene pachokha chikwanira kulibweretsa.

Wina atha kuwerengera kuti kuchokera 1968 kufika 1995 padadutsa zaka 27, ndipo kuchokera 1995 kufika 2018 padadutsa zaka 23, choncho nyanja imauma pafupifupi zaka 25 zilizonse. Kuwerengera kwake ndi kolondola, koma lamulo walimanga pa mipata iwiri yokha, ndipo chaka cha 2012 wachisiya kunja chifukwa sichikugwirizana ndi lamulo lakelo. Kusankha umboni wokomera mbali yako yokha ndi cholakwika chimene akuluakulu omwe amachita.

Nkhani ya kolera, yomwe yavutitsa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pa nyanjayi, ndi yothandizanso. Matendawa amabuka kawirikawiri nyengo ya mvula, koma si mvula imene imadwalitsa. Mvula imangokokolera zonyansa m'madzi akumwa. Mu 1854 dokotala wina wa ku London, John Snow, adalemba pa mapu nyumba za anthu omwalira ndi kolera, n'kuona kuti zazungulira mjigo umodzi wa mu msewu wa Broad Street. Ana atha kufunsidwa kuti adafunika umboni wina wotani kuti atsimikize kuti vuto lidali madziwo, osati mpweya wa m'deralo monga ankaganizira anthu ambiri a nthawi imeneyo.

Kodi ndi zolakwika ziti za kaganizidwe zimene ana ayenera kuzizindikira?

Zilipo zambiri, koma zisanu ndi ziwiri izi ndi zimene zimamveka kawirikawiri pa msika, pa doko, pa wailesi ndi pa WhatsApp.

Choyamba ndi kuweruza gulu lonse chifukwa cha munthu mmodzi: "Wogula nsomba wa ku tauni adandibera, choncho onse a ku tauni ndi akuba." Chachiwiri ndi kutenga chimene chidachitika poyamba ngati choyambitsa: "Mlendo uja atangofika nsomba zidasowa, ndiye kuti ndi iyeyo." Chachitatu ndi kunyoza munthu m'malo moyankha mfundo yake: "Ameneyu angatiuze chiyani za khoka, sadagwirepo nkhafi." Chachinayi ndi kupotoza mawu a mnzako kuti asavute kugonjetsa: iye wati nyanja izipuma nsomba zikamaswana, iwe n'kunena kuti akufuna asodzi afe ndi njala. Chachisanu ndi kudalira unyinji: "Aliyense akuwedzera neti ya udzudzu, choncho palibe vuto." Chachisanu ndi chimodzi ndi kutsekera anthu m'njira ziwiri zokha pamene zilipo zina: "Mwana asiye sukulu kapena banja ligone ndi njala." Chachisanu ndi chiwiri ndi kuzungulira pamodzimodzi: "Ameneyu sanama, chifukwa adandiuza yekha kuti amanena zoona."

Njira yabwino yophunzitsira si kulembetsa mndandandawu m'makope. Gulu lililonse lipatsidwe cholakwika chimodzi kuti lichite kasewero ka mphindi ziwiri, ndipo anzawo atulukire pamene mfundo yathyokera, kenaka aikonze kuti ikhale yolimba.

Kodi pali masewera amene amayesa lojiki mwachindunji?

Alipo, ndipo otchuka ndi a makadi anayi amene katswiri wa ku Britain, Peter Wason, adawafalitsa mu 1966. Khadi lililonse lili ndi lembo mbali imodzi ndi nambala mbali inayo. Pa tebulo pakuoneka A, K, 4 ndi 7. Lamulo ndi lakuti khadi likakhala ndi lembo laliwu, kuseri kwake kukhale nambala yogawika ndi 2. Funso ndi lakuti, ndi makadi ati amene ayenera kutembenuzidwa kuti tidziwe ngati lamulolo latsatidwa? Anthu ambiri amasankha A ndi 4. Yankho lolondola ndi A ndi 7, ndipo pa kafukufuku wotere olipeza amakhala pafupifupi munthu mmodzi pa khumi aliwonse.

Funso lomweli likavekedwa nkhani yodziwika, limapepuka. Tiyerekeze kuti komiti ya pa doko yalamula kuti boti lililonse lonyamula khoka likhale ndi chiphaso. Pafika maboti anayi. Loyamba likuoneka kuti lanyamula khoka. Lachiwiri lilibe khoka. Mwini wa lachitatu waonetsa chiphaso. Mwini wa lachinayi wavomera kuti alibe chiphaso. Mwana aliyense aona kuti ofunika kufufuzidwa ndi woyamba, kuti aonetse chiphaso, ndi wachinayi, kuti tione ngati sadabise khoka. Wachitatu alibe mlandu, kaya wanyamula khoka kaya ayi. Ofufuza Richard Griggs ndi James Cox adapeza zofanana ndi izi mu 1982: lamulo likakhala la moyo wa tsiku ndi tsiku, anthu ambiri amayankha molondola. Phunziro kwa mphunzitsi ndi lakuti ayambe ndi maboti, kenaka abwerere ku makadi, kuti ana aone okha kuti mafunso awiriwa ndi amodzi, ndiponso kuti lamulo limayesedwa pofunafuna chimene chingaliswe, osati chimene chingalivomereze.

Ndagi nazo ndi masewera a lojiki. Yankho likaperekedwa, ana afunsidwe ngati likukwana mbali zonse za ndagiyo, komanso ngati palibe yankho lina limene lingakwanenso.

Kodi miyambi ndi bwalo la milandu zili ndi malo m'phunziroli?

Zili ndi malo aakulu. Pa bwalo la mfumu wodandaula amafotokoza, woyankha mlandu amapatsidwa mpata, mboni zimafunsidwa ngati zidaona ndi maso kapena zidangomva, nduna zimafufuza pamene mawu akusemphana, ndipo chigamulo chimaperekedwa pamodzi ndi zifukwa zake. Kalasi itha kuchita sewero la bwalo lotere pa nkhani yopeka, monga ya matchera amene asowa usiku, gulu lina n'kupatsidwa ntchito yolekanitsa umboni weniweni ndi zongoganizira.

Miyambi imathandiza mwa njira ina. Ina imaoneka ngati ikutsutsana. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amatinso zengerezu adalinda kwawukwawu. Ana afunsidwe kuti woona ndi uti. Pokambirana amapeza kuti mwambi si lamulo la nthawi zonse, koma langizo limene limagwira ntchito pa nthawi yake, ndipo amayamba kufotokoza kuti kudikira kumapindulitsa liti ndipo kumataitsa liti. Mwambi ukaponyedwa pa mtsutso sutseka nkhani. Woponyayo ayenera kuonetsa kuti ukugwirizanadi ndi nkhani imene ili pa bwalo.

Akatswiri a filosofi a mu Africa adalemba zambiri pa zimenezi. Henry Odera Oruka wa ku Kenya adayendera anthu anzeru a m'midzi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo adaonetsa kuti ena mwa iwo sankangobwereza za makolo koma ankaziyesa ndi kuzitsutsa. Kuno kwathu Didier Kaphagawani, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, adalemba za momwe Achewa amamvetsera umunthu, ndipo Grivas Kayange adatulutsa buku mu 2018 lofufuza tanthauzo ndi choonadi pogwiritsa ntchito Chichewa ndi miyambi yake.

Kodi izi sizingaphunzitse ana mwano?

Makolo ena amaopa kuti mwana wozolowera kufunsa "mwadziwa bwanji" ayamba kubweza mawu akulu. Manthawa si opanda pake, chifukwa mwana amene wangophunzira kugwira zolakwika za ena amafuna kuonetsa luso lake paliponse. N'chifukwa chake malamulo a kakambidwe ndi mbali ya phunzirolo. Mmodzi akamalankhula ena amvetsere. Wotsutsa ayambe wabwereza mfundo ya mnzake mpaka mwiniyo atavomera kuti wamumvetsa. Chotsutsidwa ndi mfundo, osati munthu. Kusintha maganizo pomva chifukwa chabwino kuyamikiridwe, osati kusekedwa.

Ana aphunzirenso kuti funso limodzi limafunsidwa mosiyana malinga ndi wofunsidwa. Kwa mnzake mwana atha kunena kuti, "Wadziwa bwanji?" Kwa agogo ake anena kuti, "Pepani agogo, ndithandizeni kumvetsa, zimenezi zidayamba bwanji?" Mwambo sudaletse kufunsa, paja safunsa adadya phula. Chimene umakana ndi kufunsa monyoza. Socrates wa ku Athens, amene njira yofunsa mafunsoyi imatchedwa ndi dzina lake, adaweruzidwa kuti afe mu 399 Khristu asanabadwe, ndipo mlandu umodzi udali woti akusokoneza achinyamata. Nkhawa imeneyi ndi yakale, ndipo mphunzitsi wanzeru amafotokozera komiti ya sukulu ndi makolo cholinga chake asanayambe.

Kodi zimenezi zikusiyana bwanji ndi mtsutso wa masiku onse wa pa sukulu?

Pa mtsutso pamakhala mbali ziwiri, yovomereza ndi yotsutsa, ndipo cholinga ndi kupambana. Wophunzira amapatsidwa mbali, ndipo saloledwa kuisiya ngakhale ataona kuti anzake ali ndi mfundo yabwino. Izi zimaphunzitsa kulimba mtima, kusanja mfundo ndi kusunga nthawi, koma zimathanso kupereka mphotho kwa wolankhula mokweza kapena wodziwa Chingerezi chambiri. Kukambirana kwa filosofi kulibe wopambana. Kalasi yonse imafufuza funso limodzi, ndipo mbali zitha kukhala zitatu kapena zinayi.

Njira ziwirizi zimathandizana. Mutu woti nyanja izitsekedwa nyengo imene nsomba zikuswana uyambe wakambidwa mozungulira, kuti ana aone kuvuta kwake: msodzi aliyense payekha amapindula akawedza mobisa, koma onse akatero nsomba zimatha ndipo onse amaluza. Kenaka uchitike mtsutso, ndipo pakati pake mbali ziwirizo zisinthane malo. Wophunzira amene watetezapo mbali zonse ziwiri sapotoza mawu a mnzake mosavuta.

Kodi phunziroli lichitike m'chilankhulo chiti?

Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira m'sukulu za m'Malawi, ndipo mayeso ambiri amalembedwa m'Chingerezi. Koma mwana wa sitandade 5 amene akufunafuna mawu sangathe nthawi yomweyo kufunafuna cholakwika cha mfundo. Kalasi imangoti zii, ndipo olankhula amakhala awiri kapena atatu. N'kwanzeru kuyamba kukambirana m'chilankhulo chimene ana amakanganirana akamasewera, kenaka kulemba mfundo zikuluzikulu m'Chingerezi pa bolodi. Kwasi Wiredu wa ku Ghana ankalimbikitsa anthu a mu Africa kuyesa maganizo a filosofi m'zilankhulo zawo, kuti aone ngati akumvekabe. Phunziro la Chichewa lili kale ndi mtsutso, chimangirizo, nthano ndi kumvetsa nkhani, choncho malo ochitira zimenezi alipo popanda kusintha ndandanda wa maphunziro.

Kodi filosofi imaphunzitsidwa kuti m'Malawi?

Ku pulayimale ndi ku sekondale filosofi si phunziro lapadera, ndipo bungwe la MANEB siliyesa. Luso loganiza mozama limatchulidwa m'maphunziro monga Life Skills ndi Social Studies, ndipo masilabasi amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi. Wofuna filosofi ngati phunziro amaipeza ku University of Malawi mu mzinda wa Zomba, yomwe kale inkatchedwa Chancellor College ndipo idasamukira kumeneko mu 1973, komanso ku seminale ya Kachebere m'boma la Mchinji, komwe ofuna unsembe wa Chikatolika amaphunzira. Ndiye kuti ana ambiri, amene maphunziro awo amathera ku sitandade 8 kapena folomu 4, sakumana ndi lojiki pokhapokha mphunzitsi wawo ataibweretsa m'maphunziro ena. Bungwe la UNESCO lidakhazikitsa Lachinayi lachitatu la mwezi wa Novembala kukhala tsiku lokumbukira filosofi pa dziko lonse, ndipo sukulu itha kugwiritsa ntchito tsikuli poyambitsa kalabu yokambirana.

Kodi pali umboni woti njirayi imathandiza?

Umboni ulipo, koma suloza mbali imodzi. Mu 2015 bungwe la Education Endowment Foundation la ku England lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'sukulu 48 za pulayimale. Ana amene adachita filosofi kwa chaka adaoneka kuti atsogola ndi miyezi pafupifupi iwiri pa kuwerenga ndi masamu. Kafukufuku wina wamkulu, wa sukulu 198, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2021, sadapeze kusiyana kotere. Choncho si zoona kulonjeza makolo kuti filosofi ikweza malikisi a mayeso, ndipo zimene zidapezeka ku England sizingangotengedwa ngati za ku Zomba. Chimene tinganene motsimikiza ndi chocheperapo: mwana amene amapatsidwa mpata sabata iliyonse wopereka zifukwa, kumva zotsutsa ndi kukonza mfundo yake akuchita ntchito imene kukopera manotsi sikumupatsa. Zotsatira ziwirizi zithanso kukhala phunziro ku sekondale, ophunzira n'kufunsidwa kuti akhulupirire kafukufuku uti, ndipo chifukwa chiyani.

Kodi mphunzitsi wa kalasi yodzaza, wopanda mabuku, angayambire pati?

Chiyambire maphunziro a ulere a ku pulayimale mu 1994, makalasi ambiri a kumidzi amakhala ndi ana ochuluka kuposa amene mphunzitsi mmodzi angawamvetsere onse. Njira imodzi ndi kuika ana khumi ndi awiri pakati kuti akambirane, ena onse atawazungulira ndi ntchito zawo: ena awerenge zifukwa zimene zaperekedwa, ena agwire zitsanzo zotsutsa, ena aone amene sadalankhule. Sabata yotsatira alowe ena. Njira ina ndi kujambula mzere pansi, mbali ina ya ovomereza, ina ya okana. Mwana aliyense aime pamene maganizo ake ali, ndipo ali ndi ufulu wosuntha akamva chifukwa chomugwira mtima. Atsikana ndi ana amanyazi amalankhula mosavuta akayamba awiriawiri.

Poyesa ngati ana akupita patsogolo, mphunzitsi asayang'ane mbali imene mwana wasankha koma zinthu zinayi: kodi wanena mfundo yake momveka, wapereka chifukwa, wapereka chitsanzo kapena umboni, ndipo wayankha chotsutsa champhamvu? Zinayi zomwezi ndi zimene zimamanga chimangirizo chabwino.

Chofunika kwambiri ndi chakuti mphunzitsi mwiniyo adziwe kusiyanitsa mfundo yoona ndi mfundo yolumikizana bwino, ndipo alolere kuti wophunzira amufunse chifukwa. Popanda zimenezi kukambirana kumasanduka macheza wamba. Zikakhalapo, mphindi makumi atatu pa sabata, choko ndi funso limodzi labwino ndi zokwanira kuti sukulu iliyonse ya ku Chisi iyambe.